Agogo akhale pampando wakutsogolo

Kwa Ngokwe palibe amene amanyoza nkhalamba. Mnyamata wa kabaza akaona agogo akudzikoka ndi ndodo m'mbali mwa msewu, amachepetsa liwiro, n'kufuula kuti, "Mwaswera bwanji anganga!" Kenako amaponda moto n'kuwasiyira fumbi lonse lochokera ku Ntaja. Ulemu wapereka. Zokwera njinga ndi nkhani ina, imafuna ndalama.

Lamulo loteteza anthu aulumali la mu 2012 linati nyumba zimene anthu onse amafikako zizikhala zoti aliyense n'kulowamo. Amisiri athu anamva ndithu. Pa ofesi ina anamanga kanjira ka simenti kokwerera njinga ya olumala, koma n'kotsetsereka moti amakwanitsa kukwera ndi mbuzi zokha. M'munsi mwake mwadutsa ngalande. Pamwamba pake pali chitseko chokhoma, ndipo kiyi ali ndi mlonda amene walowera ku nyanja ya Chiuta kukagula matemba. Amayi a pafupi anaona kuti simenti yabwino chonchi isaonongeke pachabe, akuyanikapo mpunga.

Njinga ya olumalayo nayo ilipo, inabwera ndi akufuna kwabwino, zithunzi zinajambulidwa. Kungoti amene anaipanga sanaumvepo mchenga wa kuno, ndipo dzinja likafika matope ake amameza ngakhale galimoto ya boma. Pano njingayo ikuthandiza kwambiri: adzukulu amatutira zigubu kuchokera kumjigo, agogo ali pamkeka kuyang'anira nkhuku.

Musaganize kuti amaiwalika. Pa 1 Okotobala, tsiku lokumbukira anthu achikulire padziko lonse, nkhani yawo imakambidwa mozama, makamaka ku Liwonde, m'chipinda chozizira cha malo ogona alendo, ndi anthu amene tsitsi lawo lidakali bii. Aphungu nawo anavomereza lamulo la anthu achikulire mu 2024. Msonkhano ukachitikira kumudzi, wapampando amalengeza kuti, "Agogo akhale pampando wakutsogolo." Mpandowo ulipo, pafupi ndi chimkuzamawu, kuti khutu limodzi limene latsala lija nalonso lipume. Agogo amatsegula ndi pemphero. Ikafika nthawi ya mafunso, akangokweza dzanja kuti anene za mlatho wa mitengo iwiri umene ukuwalepheretsa kupita kumzikiti Lachisanu, wapampando amayang'ana wotchi: "Zikomo agogo, mfundo yanuyo taimva kale."

Masiku ena miyendo ya agogo imasanduka nkhani ya banja lonse. Tsiku lolandira ndalama za Mtukula Pakhomo, pulogalamu imene inayambira ku Mchinji mu 2006, mdzukulu amene sanaoneke chikololereni amatulukira mbandakucha njinga atapopa kale, pakaliyala atayalapo chitenje. Popita amayendetsa mosamala ngati wanyamula mazira. Pobwerera amakumbukira kuti ali ndi kangongole kakang'ono pagolosale. Nyengo ya kampeni, monga ija ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, msewu womwe uja wosadutsika umadutsika, malole amafika mpaka pakhomo, ndipo anyamata anayi amanyamula agogo mwaulemu kuwakweza.

Chovuta ndi maliro. Mwambo umati aliyense akapepese, ndipo mudzi umawerenga nkhope. Agogo akalephera kuwoloka kamlatho kaja, pasiwa pamayamba manong'onong'o: "Mwaona? Sanabwere. Pali chimene akudziwa." Akadzikakamiza n'kunyamuka m'mamawa, kupuma pansi pa mtengo wa mango uliwonse, n'kufika anthu akuchokera kumanda, manong'onong'o amangosintha mbali: "Abwera kudzaona ngati ntchito yawo yatheka."

Sabata yatha komiti inakumana kuti ikonze mlathowo. Anagwirizana kuti nkhaniyi ndi yaikulu, siingagamulidwe popanda maganizo a akuluakulu. Ndiye aitanitsa msonkhano wina, tsidya lina la mtsinje.