Galimoto yofiira yosalira

Ndinali pa siteji ya basi mumsewu wina ku Leicester, m'mawa wozizira wa mwezi wa Novembala, pamene ndinamva chilankhulo chakwathu kumbuyo kwanga.

"Iii, mwanangu, mukanandigundatu! Galimoto yanji yobwera mwakachetechete ngati mphaka?"

Ndinacheuka. Mayi wachikulire, atamanga chitenje pamwamba pa jasi, anaima pafupi ndi bokosi lofiira loponyamo makalata. Mnyamata wa positi ankatsika m'kagalimoto ka Royal Mail, atavala kabudula ngakhale kunja kunkaluma. Zinkaoneka kuti awiriwa ndi odziwana kale.

"Pepani mayi, ndi yamagetsi imeneyi. Usiku timaitchaja ku depoti ngati foni."

"Ndiye kuti utsi mwathana nawo?"

Mnyamatayo anaseka, n'kupukusa mutu. Anati galimoto ngati yakeyo zilipo masauzande angapo, koma Royal Mail ili ndi galimoto zoposa 40,000, ndipo zambiri zikumwabe dizilo. Anawafotokozera za lonjezo limene kampaniyi inapereka mu 2022, lakuti pofika 2040 mpweya wotenthetsa dziko umene imatulutsa usadzapose umene ukuchotsedwa mumlengalenga. Pa nthawi ya lonjezolo, phukusi limodzi, kuchoka kwa wotumiza kufika pakhomo, linkasiya magalamu pafupifupi 200 a mpweyawo. Akufuna adzatsike kufika pa 50.

"2040!" anatero mayiwo. "Ine ndidzakhala nditagona kale ku Chilomoni. Nanga njinga zija munazitayiranji?"

Apa ndinasendera pafupi, chifukwa njingazo ndikuzidziwa. Zaka zoposa khumi zapitazo Royal Mail inasiya kugwiritsa ntchito njinga zake zofiira za Pashley, ponena kuti katundu wachuluka, sangakwanenso pa kaliyala. Bungwe la Krizevac Project linatenga zambiri n'kuzitumiza ku Blantyre. Amene anakhalapo ku Chilomoni waziona: njinga zolemera, zolimba ngati khasu, zikunyamula matumba a chimanga pomwe kale zinkanyamula makalata. Chombo chosatulutsa utsi ngakhale pang'ono chinachotsedwa pantchito kuno, ntchito n'kukaipeza kwathu.

"Mayi, anthu sakulembanso makalata," anatero mnyamatayo. "Akungoitanitsa zinthu pa intaneti. Nsapato, mapoto, chakudya cha agalu. Mungamange zonsezo pa njinga?"

Sananame. Cha m'ma 2004 makalata ankafika mabiliyoni 20 pachaka, lero sakwana ngakhale theka lake. Ndipo amene timadina foni usiku n'kufuna katundu afike mawa lake ndife tomwe, ine ndemwe. Changu chimenecho ndicho chimakweza phukusi m'ndege.

Za ndegezo mnyamatayo anazinena monyadira. Mu 2024 kampaniyi inachotsa maulendo 18 a ndege za m'dziko momwemo, pafupifupi theka la onse, ndipo inati zimenezi zichepetsa matani 30,000 a mpweya woipa pachaka. Malole ena akuluakulu ayamba kuyendera HVO, mafuta opangidwa kuchokera ku zinthu monga mafuta ophikira otha ntchito.

"Mafuta a mandasi kuyendetsa lole?" Mayiwo anagwira pakamwa. Kenaka nkhope inasintha. "Koma mwana wanga amagwira ntchito ku njanji. Akuti sitima zanu munaimitsa."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Zimenezo n'zoona, mayi."

Nkhani imeneyi imandiwawa. Mu Okutobala 2024 Royal Mail inasiya kuyendetsa sitima zakezake, m'dziko limene makalata anayamba kukwera sitima mu 1830. Zinali sitima zamagetsi. Chifukwa chimene chinaperekedwa n'chakuti zakalamba, zatha zaka pafupifupi 30, ndipo kuzisamalira kukudula. Katundu wambiri anabwerera pamsewu. Ndikumvetsa kuti kampani iyenera kuwerengera ndalama, koma sindingavomere kuti lole, ngakhale yomwa mafuta abwino chotani, ilowe m'malo mwa sitima yamagetsi pa nthawi imene mukulonjeza kuchepetsa utsi. Kagalimoto kosalira timakaona pakhomo tsiku lililonse n'kusangalala. Malole oyenda usiku pa msewu waukulu wa M1 sitiwaona.

Mayiwo anatulutsa envelopu m'chikwama. Anati ikupita kwa mchemwali wawo, amene nyumba yake inakokoloka ku Chilobwe mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope m'phiri la Soche.

"Iyeyo sanakwerepo ndege," anatero. "Ngakhale njinga yamoto alibe. Koma madzi anapeza iye. Ndiye mukawauze mabwana anu, 2040 ili kutali."

"Ndamva, mayi."

Sanawatsutse. Anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kutsitsa ngolo yokankha ndi manja, n'kuidzaza mitolo ya makalata ndi timaphukusi. Anati galimotoyo ikhala pomwepo maola atatu, misewu yonse yozungulira aiyenda wapansi. Kampaniyi imanena yokha kuti chimene chimatsitsa kwambiri utsi wa phukusi lililonse ndi antchito ake masauzande ambiri oyenda pansi ngati ameneyu.

Mayiwo anaponya kalata yawo m'bokosi, n'kuligogoda kawiri ndi chikhatho. Basi yanga inafika. Nditakhala pawindo ndinamuona mnyamata uja akukankha ngolo yake kukwera mtunda, mawondo ali poyera, akutsegula geti la nyumba yoyamba.