Tsiku Limene Ndinaphika Chakudya cha ku Kabul

Akuluakulu amene anati safunsa anadya phula ayenera kuti anandiona ine m'masomphenya, pakuti ngakhale ndakhala pa Balaka pano zaka zochuluka ndikudya nsima ya mayi a kunyumba popanda dandaulo, ndipo ngakhale dzanja langa silinagwirepo mthiko chikwatirireni, kunachitika kuti mwezi wa Malichi chaka cha 2025 mtima wanga unadzikuza, ndipo ndinaimirira pakati pa banja lonse ndi kulengeza kuti ndiphika ndekha chakudya cha anthu a ku Afghanistan.

Amene anandigwetsera m'chiyeso chimenechi ndi mdzukulu wanga, mnyamata wosasiyana ndi lamya ya m'manja, yemwe anandionetsa mayi wina wa ku Kabul akukanda ufa wa tirigu ndi madzi, mchere ndi timafuta pang'ono, naupsinja mpaka unapyapyala ngati tsamba la nthochi, napaka mbatatesi yophwanya mbali imodzi, napinda ngati mwezi wa theka, nakazinga pa chiwaya. Pa lamyapo zonsezo zinatha mphindi zitatu. Mnyamatayo atandiuza kuti chakudyacho amachitcha bolani, ndi kuti mbatatesi kumeneko amati kachalu, ndinaomba m'manja, ndinati anthu amene kachewere wathu amamutchula motero sangakhale alendo, ndi abale athu amene anangosochera kalekale. Komanso dziko lawo, monga lathuli, lilibe gombe la nyanja yamchere. Ndinaona kuti ubale wakwana, ndipo chotsala nkuphika basi.

Tsono mlamu wanga wa ku Ntaja anali atatumiza mawu kuti abwera kudzagona masiku awiri. Iyeyu ndi Msilamu wopembedza ndithu, ndipo unali mwezi wa Ramadhani, pamene munthu salawa kanthu, ngakhale dontho la madzi, kuyambira m'bandakucha kufikira dzuwa litalowa. Pakati pa ine ndi iye pali kankhani kakale: chipatulireni boma la Balaka kuchoka ku Machinga mu 1998, amandiyang'ana ngati mwana wothawa pakhomo pa makolo, amene tsiku lina adzabwerera ndi njala. Nditamva kuti Asilamu a ku Afghanistan amakonda kumasulira kusala kwawo ndi bolani yemweyo, ndinati nthawi yafika yakuti mlamu adziwe kuti a ku Balaka tinapita patali.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Abambo, kodi malo a mchere m'nyumba muno mumawadziwa?" Funsolo ndinaliyesa nsanje.

Ndinalawirira ku msika. Mbatatesi ndinaipeza, imene imatsika kuchokera ku mapiri a Ntcheu, ku Tsangano ndi ku Lizulu, chifukwa kuno kwathu kotentha mbewuyo siifuna n'komwe. Ndipo ndamva kuti nawonso a ku Kabul yawo yokoma imachokera ku Bamyan, chigwa chozizira chokwera mamita pafupifupi 2,500. Anyezi wamasamba ndinamupeza. Koma masamba onunkhira aja amwenye amawatcha dhania, nditawafunsa kwa amayi ogulitsa ndiwo, anandiyang'ana monga ngati ndafunsa mankhwala a chikondi, mwakuti ndinagula mpiru, poganiza kuti chobiriwira n'chobiriwira. M'malo mwa mkaka wowawasa umene eni ake amasunsamo mkatewo ndinagula chambiko, ndipo pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, ichi chokha ndicho sichinandichititse manyazi, popeza anachikonza ndi anthu ena.

Mlamu anafika masana pa minibasi, atawoloka Shire pa Liwonde, milomo ili gwa ndi ludzu. Ndinamukhazika pa mkeka pansi pa mtengo wa mango, ndi kumuuza kuti akhazike mtima pansi, madzulo ano adya monga mfumu ya kum'mawa. Iye anangoti, "Zikomo alamu, Mulungu akalola."

Ndipo ndinalowa m'khitchini. Mayi wa pa lamya uja anati ufa ukakandidwa upumule theka la ola, koma ine ndinaona kuti ufa umene sunalime m'munda kapena kusenza mtolo ulibe chifukwa chopumira pamene mwini wake ali chilili, choncho ndinaulamula kuti ugwire ntchito nthawi yomweyo. Popeza kamtengo kopsinjira m'nyumba mwathu mulibe, ndinatenga botolo. Taonani tsono kuuma mutu kwa tirigu! Ndikapsinja kum'mawa unkabwerera kumadzulo, ndikakoka kumpoto unkakhwinyata kummwera, ndipo pamene thukuta linayamba kudonthera m'mbale, chimene chinali patsogolo panga sichinali chozungulira monga cha mayi uja, koma chachitali, chopindika, chong'ambika m'mphepete, chofanana kwambiri ndi mapu a dziko lathu, nyanja ili pamalo pake.

Mbatatesi nayo ndinali nditaiiwala pa mbaula mpaka inasanduka phala. Ndinathiramo anyezi, mpiru, ndi tsabola wa kambuzi zisanu ndi ziwiri, pakuti mdzukulu anati anthu a kumeneko ndi olimba mtima. Kuyembekeza kuti izizire ndinakuyesa ulesi. Kupaka pang'ono ndinakuyesa umbombo wosayenera mwana wa Balaka. Ndinaunjika chiphala chotenthacho ngati ndikuumba chulu, ndinapinda, ndipo mkatewo unabooka pamimba nulavula zonse za m'kati mwake. Pamenepo ndinazindikira kuti dzina lija mwina si dzina ayi, koma lamulo lakuti boolani, ndipo ine, kapolo womvera, ndinaboola wachiwiri, wachitatu, kufikira wachisanu ndi chimodzi.

Mkazi wamasiye wa ku Zarefati anadyetsa mneneri Eliya ndi kaufa ka m'manja ndi timafuta ta m'nsupa, osatha nthawi yonse ya chilala. Ine ufa wa makilogalamu 2 ndi botolo lathunthu la mafuta zinandithera dzuwa lisanapendeke, popanda wodyetsedwa ndi mmodzi yemwe. Makala ndinali nditawakupiza mwaukali, mwakuti mkate wachisanu ndi chiwiri, wokhawo umene unafika pa chiwaya wamoyo, unapserera kunja ngati chikuni, m'kati muli mtanda wauwisi. Utsi unatuluka pa zenera. Mnansi wathu anafika akuthamanga ndi ndowa ya madzi, ndipo ndinachita kumufotokozera mwaulemu kuti nyumba siikupsa, ndikuphika chabe.

Dzuwa linalowa, mawu oitanira anthu ku mapemphero anamveka kuchokera ku mzikiti, mlamu anamwa madzi, napemphera, nakhala pa mkeka. Ndinabwera ndi mbale, ufa uli m'nsidze, ndi kuiika patsogolo pake. Munthu amene sanadye tsiku lathunthu sasankha, ndinadzitonthoza motero. Ananyema kachidutswa, nasunsa m'chambiko, natafuna pang'onopang'ono, ndipo misozi iwiri inatsika m'masaya ake, imene poyamba ndinaiyesa ya kuthokoza, kufikira ndinakumbukira kambuzi uja. Atamwa madzi ena makapu awiri anafunsa ndi mawu otsika, "Alamu, kodi anthu amenewa anakulakwirani chiyani?"

Ndisanapeze yankho, mayi a kunyumba anatulukira kuseri kwa nyumba, kumene anali atasonkha moto wa nkhuni mwakachetechete chiyambire masana, atanyamula mphika wa futali wa maungu wotendera bwino, nthunzi ili tolo. Anagwada, napereka kwa mlongo wawo, napereka kwa mdzukulu, ndipo potsiriza, mwa chisomo chosandiyenera, anapereka ndi kwa ine. Tinadya osayankhula. Mlamu atanyambita zala anandiuza kuti dzina lakuti futali linabwera ndi Aswahili a ku gombe, kwa iwo limatanthauza chakudya chomasulira kusala, mwakuti chimene ndinakachifuna ku Kabul chinali chili kuseri kwa nyumba yanga.

Mkate wotsalawo tinaponyera galu, amene anaununkhiza nachoka mwaulemu. Mayi a kunyumba anafunsa mdzukulu kuti abwereze dzina la chakudyacho, ndipo atamva anagwedeza mutu nati, "Anatchula bwino eni ake. Bolani futali." M'mawa mwake anandipatsa mchenga ndi chiwaya chija, ndipo ndinachikwecha mpaka masana mlamu akuonerera pa mkeka.