Maso anayi pa Manjawira

Pa Manjawira, m'mbali mwa msewu wa M1, mbalame timaidziwa pawiri: ikamatidyera mapira kumunda ndiponso ikakhala m'mbale pambali pa nsima. Tsono pali alendo ena opita ku Liwonde National Park amene amaimika galimoto, n'kutulutsa makina oonera patali, n'kumangoyang'ana mumtengo. Akuti m'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo iwo akufuna kuiona yonse. Matendawa ayamba kugwira ena a ife, ndipo nazi zomwe zatuluka.

Mtondo wa m'khosi

Malume ena atabwera kuchokera ku Joni anatulutsa chimakina cholembedwa 10x50, cholemera pafupifupi kilogalamu yathunthu. Anachikoleka m'khosi n'kulowera kudambo. Pumbwa akatera, iwo asanachinyamule n'komwe, mbalame yapita. Madzulo anabwera khosi lili gwa.

"Mwaona mbalame zingati, bambo?" anafunsa mayi a kunyumba.

"Imodzi."

"Yotani?"

"Nkhuku yathuyi. Ndi yokhayo imene inandidikira."

Akanagula ka 8x25, kolowa m'thumba la jekete, khosi likanapuma.

Masamu a kumsika

Mnyamata wina wa Sitandade 6 anaona makina olembedwa 8x25 m'manja mwa mlendo. Anawerengera pazala, n'kupisa m'thumba.

"Bwana, 8 kuchulukitsa ndi 25 ndi 200. Nayi K200 yanu."

Mlendo anafotokoza kuti 8 akutanthauza kuti chinthu chimaoneka ngati chayandikira kasanu n'katatu, pomwe 25 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita.

"Kasanu n'katatu?" anadabwa mnyamatayo. "Ndibwerekeni Lolemba. Tili ndi mayeso, ndipo wanzeru wa m'kalasi mwathu amakhala kutsogolo."

Ngongole ili patali

Mkulu wina anabwereka makinawa koma anawagwira chotembenuza. Zonse zinaoneka zing'onozing'ono, zili kutali. Poyang'ana kumsewu anaona mayi amene anamukongoza thumba la makala.

"Musadandaule alamu, akadali cha ku Phalula uko. Ndimalize kaye chipandachi."

"Wawa, bambo," anatero mayiwo, dzanja lili kale pa kolala.

Nkhanga ziwiri

Njonda ina inagula makina otchipa okulitsa ka 12, n'kudutsira pa masese. Makina okulitsa kwambiri amakulitsanso kunjenjemera kwa manja, ndiye thengo lonse linkavina ngoma. Mwadzidzidzi inakuwa: "Nkhanga ziwiri!" Anzake ankaona imodzi. Onse anati ndi mowa.

M'mawa mutu utayera inayang'ananso, n'kuona apongozi awiri akubwera. Apa m'pamene inabweza katunduyo kwa wogulitsa. Magalasi ake anali osemphana. Musanapereke ndalama, yang'anani mtengo umodzi ndi maso onse awiri. Ikaoneka iwiri inu musanalawe kanthu, asiyeni pomwepo.

Kadzidzi wa agogo

Mdzukulu wina wa ku koleji ankafuna kuona kadzidzi chisisira. Ka 8x25 kake kankangoonetsa mdima, poti galasi laling'ono limalowetsa kuwala kochepa. Anayamba kudandaula kuti akanagula 8x42.

"Ukufuna kuona chiyani?" anafunsa agogo.

"Kadzidzi, agogo. Makinawa amamubweretsa pafupi."

Agogo anaponya ndodo pansi. "Ife timam'thamangitsa ndi chikuni chamoto, iwe wataya ndalama kuti umuyandikitse kasanu n'katatu? Maliro ake ukalira wekha!"

Ndiwo zili kuti?

Mzungu wina anaima chilili kwa theka la ola akuyang'ana nantchengwa, mwana wa legeni ali pambali. Kenaka analemba m'kabuku, n'kumwetulira, n'kukwera galimoto. Mwanayo anathamangira kwa amake.

"Amayi, mzungu uja ndi mlenje wosauka. Waloza mbalame ndi mfuti ya mipope iwiri, koma sinalire. Kwawo agonera nsima yosinira pepala."

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu sadekha khosi likuwawa. Ngati mukufuna makina oyenda nawo tsiku lonse, 8x25 kapena 8x32 akukwanirani: ndi opepuka, sagwedera, ndipo amaonetsa malo aakulu moti timba akadumpha mumamupezanso. Legeni yokhayo isiyeni kunyumba, kuti mawa mudzapeze choyang'ana.