Foni yopanda chingwe yandimanga chingwe

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinachita kalembera wa masimukhadi a m'nyumba mwanga kuno ku Senga Bay. Ndinapeza 7. Mafoni oyaka popanda kuwamenya kaye pabondo analipo awiri, ndipo imodzi mwa iwo inali yomangidwa ndi mphira. Masimu otsalawo ankagona m'kabokosi ka machesi pamwamba pa kabati, kudikira nthawi yawo ngati osewera mpira apabenchi.

Musatiseke, kwanunso n'chimodzimodzi. Apongozi ku Lifuwu ali pa 088. Makasitomala ambiri a usipa wa mayi akunyumba, aja amachokera ku Lilongwe, ali pa 099. Bandulo yotchipa ndi yoimbira anthu a netiweki yako yomweyo, ndiye munthu wosamala ndalama amayenda ndi masimu awiri, monga msodzi sapita panyanja ndi nkhafi imodzi. Vuto linali loti foni yolowa masimu awiri inali yanga, ndipo mayi akunyumba anagawira nambala zanga zonse kwa aliyense wodya usipa kuyambira ku Mvera mpaka ku Area 25.

Ndikhale pabawo, ndatsala pang'ono kudya nyumba ya mnzanga, foni ngriii. Ndikayankha ndi mawu aulemu, mbali inayo ngakhale moni: "Usipa ulipo? Faifi lita bwanji lero?" Ine bambo wa ana anayi, munthu amene ndinagwirapo ntchito ya umesenjala paboma, ndinasanduka kalaliki wa nsomba zouma. Anzanga apabawo anasiya kunditchula dzina. Ndinali "a Sekilitale".

Tsono tsiku lina ndinakasiya chambo pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Ndikudikira ndalama yanga, ndinaona mtsikana wa pa risepushoni akuyenda ndi foni yooneka ngati ya muofesi koma yopanda chingwe. Anadina kabatani, nalankhula ndi wophika. Anadinanso, ina inalira kubala. Kenaka kunabwera foni yochokera kunja, iye anati "dikirani pang'ono", nkuiponyera kwa bwana wake ali khale pansi pa mtengo. Mtima wanga unagunda ngati injini ya boti. Ndinaona kale mmene zikhalire: laini yoyamba ya usipa, yolira kukhitchini ndi kuthandala, laini yachiwiri ya mwini nyumba, yolira pokhapokha pali nkhani zikuluzikulu.

Muyenera kudziwa kuti pa nkhani ya mafoni ine ndakhala wochedwa moyo wanga wonse. TNM itayamba mu 1995, ine ndinkalembabe makalata nkumanyambita sitampa. Celtel itabwera mu 1999, anzanga nkumakoleka Nokia palamba kuti aliyense aione, ine ndinkaima pamzere pa bulo ya foni pa Kamuzu Road, mayi wa pansi pa ambulera akuwerenga masekondi ndi maso ofiira. Pamene ndinagula foni yanga yoyamba, Celtel inali itasanduka kale Zain mu 2008, ndipo ndisanazolowere dzinalo inasandukanso Airtel mu 2010. Ulendo uno ndinalumbira kuti ndikhala woyamba m'mudzi.

Alamu anga ali ku Johannesburg. Ndinawafotokozera, iwo analowa m'sitolo nkuyamba kunditumizira zithunzi pa WhatsApp. Kunali ya mafoni awiri, ya atatu, ya anayi. Ina ya laini imodzi, ina ya malaini awiri. Ina inali ndi makina oyankha okha mwini wake akachokapo, mzungu wamkazi nkumapepesa m'malo mwako. Ndinasankha monga mwamuna wa ku Malawi amasankhira mbale paukwati: yodzaza kwambiriyo. Mafoni anayi, malaini awiri, ndi mzungu wopepesayo.

Usiku ndinaitanitsa msonkhano wa banja nkuonetsa chithunzi. Ana anaombera m'manja. Mayi akunyumba anayang'ana nthawi yaitali, nkufunsa funso limodzi lokha.

"Abambo, simu ilowa pati?"

"Amake mwana," ndinatero ndikutambasula miyendo, "zinthu zamakono sizifuna mafunso a m'nthawi ya atsamunda."

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinapambana pamenepo, chifukwa wina anandifunsira, ine nkumukalipira, phulalo nkudyabe. Ndalama yake inali ya malata a khitchini, yomwe tinasunga miyezi yambiri.

Katundu anabwera ndi wamathiransipoti, ndinakamutenga ku Lilongwe. Ulendo wonse wa minibasi wotsetsereka ku Salima bokosi linali pamiyendo panga, ndipo kondakitala atafuna kuliika kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi tinatsala pang'ono kugwirana malaya. Pofika kunyumba khonde linali litadzaza. Ngakhale oyandikana nawo aja sitilankhulana chichokereni nkhani ya mbuzi anabwera kudzapempha moto masana dzuwa likuswa mtengo.

Choyamba chinali pulagi. Ya ku Joni mano ake ndi obulungira, pomwe soketi zathu zimafuna mano atatu amakona. Ndinatuma mwana wachisamba pa kabaza kukagula adaputa, anthu nkumadikira. Itayaka, timagetsi tobiriwira tikuphethira, amayi ena analulutira. Kenaka ndinatenga kabokosi ka machesi kaja, ndikusankha simu yoyenera ulemu woyamba, nkutsegula kumbuyo kwa foni. Munali timabatire tiwiri basi. Ndinatsegula yachiwiri, chimodzimodzi. Ndinatembenuza chimake, chija mafoni amakhalirapo, nkupeza timabowo tiwiri tolembedwa LINE 1 ndi LINE 2. Ndinayesa kulowetsamo simu chopingasa, chogona, choimirira. Mayi akunyumba sanalankhule kanthu. Anangopita kukatembenuza usipa, ndipo msana wawo unkaseka.

Pagulupo panali mdala wina wapabawo amene anagwira ntchito ya mawaya m'masiku omwe positi ndi matelefoni zinali kampani imodzi, MTL isanaime payokha mu 2000. Anatenga chimakecho, nachinunkhiza ngati fodya, nkupukusa mutu.

"Mphwanga, iyi ndi foni yapansi. Chingwe anachotsa ndi chija chopotanapotana chochokera kukhutu kupita patebulo. Pamenepo pokha ndi pomwe mawu amauluka mumlengalenga, ndiye DECT yalembedwa apayi. Koma chimakechi chimafunabe waya wochokera papolo, ndi nambala yoyamba ndi 01. Wati malaini awiri? Ndiye kuti mawaya awiri, nambala ziwiri, mabilu awiri."

Ine ndinkayesa DECT ndi dzina la mwini kampani.

Tonse tinatembenuka kuyang'ana polo ya telefoni yomwe ili kuseri kwa mpanda. Ilipo ndithu, yatsamira ngati munthu wochokera kumowa. Waya wake wamkuwa akuba anapita naye kalekale, mwina lero ndi zibangili pamkono wa mlendo wina, ndipo pano poloyo asodzi amayanikapo chilimira. Mdala uja sanalekere pomwepo. Anati chomwe ndinkafuna chilipo: foni yapatebulo yolowa simu, ngati zija za amayi a mabulo. Kapena, akanakhala iyeyo, akanangogulira mkazi kafoni ka mabatani ka masimu awiri kumsika, pamtengo wa malata awiri kapena atatu. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atanyamula nkhani yokafotokoza kudoko.

Masiku atatu mafoni anakhala pakabati ngati maluwa apulasitiki. Lachinayi lake, mwana wamzime, amene ntchito yake m'nyumba muno ndi kudina chilichonse chodinika, anadina kabatani kolembedwa INT. Foni ya kuchipinda inalira. Tinathamanga tonse. Kunapezeka kuti ngakhale popanda waya wakunja, mafoni anayiwo amatha kuimbirana okhaokha kudzera pa chimake chija, popanda yuniti ngakhale imodzi. Bokosi linkanena kuti m'nyumba amafika mamita 50, panja popanda chotchinga mpaka 300.

Ulemu wanga unadzuka kwa akufa. Ndinagawa maudindo: nambala 1 kuchipinda, nambala 2 kukhitchini, nambala 3 kuthandala, nambala 4 m'thumba mwanga. M'mawa mwake, ndili gone m'neti, ndinaimba nambala 2. "Haloo, kukhitchini? Madzi osamba afika pati?" Khitchiniyo ili mapazi khumi kuchokera pawindo langa, moti yankho ndinalimva kawiri, m'foni ndi pawindo. Koma linakoma.

Ufumu umenewo unatha tsiku limodzi. Sindinaganizire kuti msewu wopita kukhitchini ndi womwewo wochokera kukhitchini.

Mtengo wa mango womwe timasewerapo bawo uli mapazi 240 kuchokera pakhomo panga. Ndinawerenga ndekha, kawiri, ndi chisoni. Nditangotola njombwa zanga, thumba linayamba kuimba kanyimbo.

"Abambo, nkhuni zatha."

Patapita mphindi zochepa: "Abambo, mitambo ikuda, bwerani tidzanyamule usipa."

Kenaka: "Abambo, palibe nkhani, ndimangoona ngati ikufika."

Apa ndi pomwe ndinazindikira ubwino wa foni yam'manja womwe makampani salengeza pa wailesi: imalola munthu kunama. Netiweki inavuta. Batire inatha. Ndinaona mochedwa. Ndinalibe mayunitsi obwezera. Mmalawi amatha kunena kuti "ndili pa Kamuzu Road, ndikufika pompano" ali m'bafa kwawo sopo ali kumaso, ndipo dziko likuyendabe bwinobwino. Koma chida changa ichi sichidziwa zimenezo. Chikalira, ndiye kuti uli mkati mwa mamita 300, palibe za Kamuzu Road. Woimbayo mayunitsi samuthera, ndiye saflasha, amaimba mpaka uyankhe. Batire yake imakhala masiku, ndipo usiku uliwonse mayi akunyumba amaigoneka okha patchaja, mwachikondi chomwe ine sindinachionepo chichokereni chinkhoswe.

Ndinachita kafukufuku. Ndinayenda cholunjika kunyanja foni ili m'manja, kudutsa mabwato, mpaka inalira kuti pii pii nkulemba kuti ikufunafuna make. Ndinazungulira mudzi wonse ndikuika zizindikiro m'mutu ngati wopima malo wa boma. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. Chigayo chili mkati. Mjigo uli mkati. Tchalitchi chili mkati. Malo okhawo ali kunja kwa malire, ndi mapazi makumi awiri okha, ndi kabotolo sitolo kaja timaonerako mpira wa Bullets ndi Wanderers. Tsono ikalira, akudziwa kuti ndili pafupi ndipo ndibwere. Ikapanda kulira, akudziwa komwe ndili. Ngakhale apolisi sagwira ntchito mwaukhondo chonchi.

Ndinapempha anzanga kuti bawo tisamutsire kutsidya kwa msewu. Anandifunsa ngati mangowo ndinyamula ndekha. Ndinayesa kubisa chimake chija pansi pa bedi, kuseri kwa matumba a mpunga wa ku Lifuwu, kuti mphamvu yake ichepe, ndipo kwa masiku awiri bawo inatuluka m'malire. Koma mwana wachisamba, amene fizi yake ya kusekondale ndimalipira ine ndi thukuta langa, anauza mayi ake kuti zinthu za wailesi zimafika patali zikakhala pamwamba ndiponso pafupi ndi windo. Lero chimakecho chili pamwamba pa kabati, chayang'ana kumango.

Chinanditsalira chinali chimodzi. Chimake chija chimadya magetsi a pakhoma, ndipo akangozima mafoni onse anayi amasanduka miyala. Mudzi wonse ukamadandaula kuti "aaa, athimanso", ine ndinkatuluka ndi mluzu, manja kumbuyo, ulendo wa kumpira. Ana akakuwa kuti "ayaka!", ine ndekha ndinkagwira tsaya. Nditamva kuti munda waukulu wa masola uja anautsegula kuno ku Salima mu 2021 umatulutsa mamegawati 60, ndinali munthu yekhayo m'boma lino amene anafunsa ngati sizichuluka.

Mwera utatha, mwezi uli mumdima, usipa unagwidwa wambiri ndipo mathandala anadzaza. Mayi akunyumba anapita okha kutauni ndi phindu lawo. Anabwerako ndi zinthu zitatu. Choyamba, kafoni ka mabatani ka masimu awiri, moti makasitomala a usipa sandiimbiranso. Ndikuvomera kuti nthawi zina ndimawasowa, chifukwa foni yanga yam'manja tsopano imatha tsiku lonse ili duu. Chachiwiri, kasola kakang'ono. Chachitatu, batire. Mnyamata wokonza mawailesi anabwera ndi timawaya take, nkulumikiza chimake chija kubatireko, ine ndikumugwirira makwerero. Khitchini idakali yaudzu, koma pamwamba pake pali sola.

Sabata yatha apongozi anabwera kudzacheza, ndipo nambala 1 anawapatsa iwo. Sadziwa kuidula, ndiye ukayankha umamva zonse zomwe akukamba za iwe ndi mwana wawo, kuyambira chaka chomwe unabwera kudzafunsira mbeta utavala nsapato zobwereka.

Dzulo madzulo ndinamva mayi akunyumba akujambula mawu pa WhatsApp ya mwana. "Achimwene, pabokosi paja alemba kuti chimake chimodzi chimanyamula mafoni mpaka 6. Mutumize ena awiri. Komanso amayi anzanga atatu a kubanki mkhonde akufuna zawo, ndalama asonkha kale. Musavutike ndi za malaini awiri, bola ikhale yofika patali."

Amuna a amayi atatuwo ndi omwe ndimasewera nawo bawo. Lero m'mawa nditafika pamango ndinapeza mpando wanga atakhalapo wina, ndipo moni wanga anayankha ndi mdala wa mawaya yekha, amene mkazi wake anamwalira.