Ulemu kwa a Bwato Obooka

Pa doko la Kachulu, ku Zomba, pali nkhalamba ina imene kwa nthawi yaitali sinkalandira ulemu woiyenera, choncho lero ndati ndiilankhulire. Ndikunena a Bwato, obooka kumimba aja, amene anagona chammbali pamatope muja nyanja ya Chilwa inaphwa mu 2018, ndipo sanadzukenso ngakhale madzi atabwerera.

Ali pa ntchito ankangodya matukwano. Kulowa madzi pang'ono, msodzi uku akukapa ndi chigubu chodula, uku akuwanenera zamwano. Ankasenza matemba ndi milamba, kuolotsa anthu ndi mbuzi zawo kupita ku chilumba cha Chisi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wowatola chithunzi. Onani lero! Anthu akuchoka ku Blantyre, ena kutsidya kwa nyanja zamchere, atakolekera makamera a milomo italiitali m'khosi, kudzawagwadira. Ine ndinaona mzungu atagona chafufumimba m'matope kufuna kuwajambula bwino. Ndi gulupu uti analandirapo ulemu wotere?

Akuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndaona kuti nayo mitengo ili chimodzimodzi.

Chinsinsi chake n'chakuti wojambula amayamba wachotsa mitundu yonse, n'kusiya kuda ndi kuyera basi. Majumbo abuluu ozungulira a Bwato amasanduka timithunzi taulemu. Ndere zobiriwira zija zimaoneka ngati imvi. Zitosi za akakowa zimawala ngati mendulo zapachifuwa. Fungo, mwamwayi, sililowa m'kamera. Katswiri weniweni sajambula dzuwa lili paliwombo. Amadikira m'mamawa kapena chakumadzulo, kuwala kukamabwera chopendekera, kuti mng'alu uliwonse ukhale ndi mthunzi wake, njira zonse za chiswe zioneke ngati zolemba za mlembi. Akatero amapempha mwini bwatolo, amene akadali ndi ngongole ya ukonde, kuti asunthe pang'ono chifukwa malaya ake a timu ya mpira akuononga chithunzi.

Kunena za khalidwe, palibe wowaposa m'dera lonselo. Nyengo yotseka nyanja ikafika, asodzi ena amazemba usiku, koma a Bwato amasunga lamulo chaka chathunthu. A komiti yapagombe sanawagwirepo ndi neti ya udzudzu. Chipumireni sanamizepo munthu. Kuchereza alendo ndiye musanene: nkhuku zimaikira m'mimba mwawo, abuluzi amaothera dzuwa pamsana pawo, ana amachitiramo chibisalirano, amayi amayanikapo zitenje. Madzulo pamakhalanso anthu awiriawiri amene nkhani zawo a Bwato sanaululepo kwa ankhoswe.

Musaganize kuti ndi amphawi opanda abale. Ku Monkey Bay kuli akulu awo, sitima ya Chauncy Maples, yopangidwa ku Glasgow mu 1899, yobwera kuno zidutswazidutswa n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1901. Iyo inanyamula amishoni ndi asilikali, koma mapeto ake ndi omwewa, kuima padoko n'kumadya dzimbiri ojambula akusangalala. Kusiyana kwake n'kwakuti ya ku Glasgow ili ndi dzina la bishopu, pomwe a ku Kachulu anasemedwa ndi kasemasema kuchokera ku mtengo umodzi, waukulu woti lero mungayende masiku osaupeza unzake.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta imathawa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995. Asodzi amalira, ogulitsa nsomba amalira. Amene amapindula ndi a Bwato okha, poti matope ong'aluka ngati chikopa cha ng'ona ndiwo mkeka umene ojambula amaukonda koposa. Ndamva kuti chithunzi chawo, chikaikidwa m'felemu n'kupachikidwa pa khoma la hotela, chimadula kuposa mmene iwowo ankadulira ali atsopano. Mwiniwake nditamuuza zimenezi anaseka mpaka kukhosomola, kenaka anandifunsa ngati ndili ndi phula.

Mdani ali naye mmodzi yekha. Mayi a kunyumba kwa msodziyo nkhuni zowambira milamba zawathera, ndipo dzulo ndinawaona akuzungulira a Bwato kawiri konse, akugogoda m'nthiti ndi mpini wa nkhwangwa. Ojambula amene simunafike, kwerani minibasi ya m'mawa.