Mtsikana Winanso? Funsani Bambo

Bambo wina anafika ku matenite thukuta lili kamukamu, njinga ataisiya pansi pa mtengo wa mango. "Mwana wanji, asisitala?" Namwino anati, "Wamkazi, wonenepa bwino." Bamboyo anangokhala pa simenti, manja kumutu. Ameneyu anali wachisanu, onse atsikana. "Mayi ameneyu ali ndi vuto. Mum'pime." Namwino, yemwe anachezera usiku wonse osagona, anayankha mosakweza mawu: "Tikati tipime, tiyambira inuyo. Lowani."

Namwinoyo sanalakwe. Dzira la mayi nthawi zonse limakhala ndi chromosome ya X, silisinthasintha. Mbewu ya bambo ndiyo ili pawiri: ina ili ndi X, ina ili ndi Y. Ikayamba kufika ya X, kubadwa mtsikana. Ikafika ya Y, mnyamata. Munthu wafesa yekha mapira, kenaka akukalipira munda kuti walekeranji kubala chimanga. Ndipo woulula chinsinsichi anali mayi, Nettie Stevens wa ku America, mu 1905, atapenda mphutsi za tizilombo todya ufa. Zaka zonsezo amuna akuloza akazi chala, mlandu unadzagamulidwa ndi umboni wa mphutsi.

* * *

Mfumu Henry VIII ya ku England inafa mu 1547 isanamve za mphutsizo. Mkazi woyamba, Catherine, atangoisiyira mwana wamkazi mmodzi wamoyo, inalimbana ndi Papa mpaka kuchoka mu mpingo wa Roma kuti ikwatire wina. Wachiwiriyo, Anne Boleyn, anaberekanso mtsikana mu 1533, ndipo pofika 1536 anali atadulidwa mutu pa milandu imene ambiri amati inali yom'semera. Wachitatu anabereka mnyamata uja mfumu inkamulirayo, Edward, koma mnyamatayo anamwalira ali ndi zaka 15. Mtsikana wa Anne, Elizabeth, yemwe bambo ake anakwinya naye nkhope, analamulira England zaka 44. Mfumuyo inakwatira akazi asanu ndi mmodzi, chonsecho wofunika kufunsidwa anali yemwe wavala chisoti.

* * *

Bambo winanso atamva za X ndi Y anayamba kusakasaka pothawira. Mwana wake wa Fomu 4 anamuuza kuti kwa nkhuku zinthu n'zotembenuka: thadzi ndilo lili ndi mitundu iwiri, Z ndi W, tambala ali ndi Z yokhayokha, choncho wosankha ndi thadzi. Bambo anawomba m'manja. "Mwamvatu, amayi?" Mayi akupeta mpunga anati, "Ndamva. Tsiku limene ndidzaikire dzira m'chisa, mudzandiitanire ankhoswe." Mwanayo akanawonjezera za ng'ona za mu Shire, zimene kutentha kwa mchenga wokwirira mazira ndiko kumagamula, bambo akanaimba mlandu dzuwa.

* * *

Tsono pali nkhani ya kumtundu. Apongozi ena anabwera kudzaona khanda, ananyamula, anasuzumira m'thewera, n'kubweza msangamsanga. "Izi n'zakwanu izi. Kwathu sitibereka akazi." Mtengwa anagwada mwaulemu wonse, maso pansi. "Pepani amayi, nanga inuyo anakutolani kuti?"

Akatswiri nawo anakanganapo. Mu 2008 wofufuza wina wa pa yunivesite ya Newcastle anapenda mibadwo ya mabanja 927 n'kunena kuti mwamuna wokhala ndi abale aamuna ambiri amakonda kuberekanso anyamata. Apongozi akanavina. Koma mu 2020 kunatuluka kafukufuku wamkulu wa ku Sweden, wa ana oposa 4 miliyoni obadwa kuyambira 1932, ndipo sanapeze umboni woti zimenezi zimayenda m'magazi. Ine ndili kumbali ya a ku Sweden, chifukwa chiwerengero chawo sichamasewera. Mwa mabanja a ana asanu, pafupifupi limodzi pa 32 alionse limakhala la atsikana okhaokha, popanda wolodza, popanda mtundu. Padziko lonse pamabadwa anyamata pafupifupi 105 pa atsikana 100, ndiye odandaula kuti amuna akusowa asaloze ku matenite.

* * *

Kwa Achewa a chikamwini dandaulo limayenda chobwerera. Mtsikana ndiye amakulitsa mudzi, mnyamata amakamanga kwa eni. Mkamwini wina atabereka mnyamata wachinayi anayenda chifuwa chili patsogolo, mpaka anakumana ndi mwini mbumba. "Alamu, tinakupatsani malo kuti mutikuzire mudzi. Inu mukungoberekera midzi ya anthu ena akamwini." Malume amenewa sanapiteko kusukulu, koma chala anachiloza pamalo pake.

* * *

Pa msika wina sing'anga amagulitsa mizu ya "mwana wamwamuna", botolo limodzi mtengo wa thumba la feteleza. Kukabadwa mnyamata, mbiri imafika mpaka kutsidya kwa mtsinje. Kukabadwa mtsikana amati, "Munamwa mutayang'ana kuti? Ndinati kum'mawa!" Wina amati idyani nthochi, wina amati muzigona chakumanja. Owerenga anga, wokugulitsani mankhwala otere adzalondola pafupifupi theka la nthawi ngakhale atakupatsani madzi a pa mjigo, ndipo ndalama za theka linalo sabweza.