Njovu ya Mamilimita 50

Malonda amene afala pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp a eni galimoto adzutsa mwambi umene kwa nthawi yaitali unkangokumbutsidwa andale ndi anthu olemera, wakuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Malondawo ndi a zipangizo zotchedwa lift kit, zimene ntchito yake ndi kukweza galimoto ya mtundu wa pickup kuti mimba yake italikirane ndi nthaka, ndipo apeza msika wokonzeka chifukwa misewu yambiri ya dothi, makamaka kummwera kumene namondwe wa Freddy anakokolola milatho mu Malichi 2023, imazunza woyendetsa aliyense mvula ikangoyamba. Njovu zenizeni zili ku Liwonde ndi ku Majete, kumene palibe munthu wanzeru amene angayese kuzikwera, koma masiku ano msana wa njovu umabwera m'katoni, umalipiridwa pa foni, ndipo amakaniko amaumanga tsiku limodzi.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa mmene pickup imaimira. Toyota Hilux, imene inayamba kupangidwa mu 1968 ndipo zambiri za kuno zimachokera ku fakitale ya ku Prospecton pafupi ndi Durban, ndi chitsanzo chabwino. Pa mitundu ya masiku ano, tayala lililonse la kutsogolo limasewera palokha pa sipuling'i yopotana, mothandizana ndi shock, chitsulo chokhala ndi mafuta m'kati chimene chimaletsa galimoto kumangodumphadumpha ikagunda bampu. Kumbuyo kuli masipuling'i a zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, zimene zimakhala pa mtanda umodzi wolumikiza matayala awiri, ndipo pakati pa mtandawo pali chotupa chozungulira chotchedwa diff, chimene chimagawa mphamvu ya injini ku matayala onse awiri. Njira zokwezera zilipo zitatu. Yotsika mtengo ndi kuika spacer, kachidutswa ka chitsulo kapena ka pulasitiki wolimba kongotsamiritsa pamwamba pa sipuling'i. Ina ndi kukweza thupi lokha la galimoto pamwamba pa chassis, chimango chimene chimanyamula zonse. Ndipo yodula ndi kusinthiratu masipuling'i ndi ma shock n'kuika aatali.

Wogula amayamba ndi mtima wapamwamba. Amawerenga za Old Man Emu, zipangizo za kampani ya ARB ya ku Australia, amasirira Ironman 4x4 ya kudziko lomwelo ndi Bilstein ya ku Germany, mpaka pamene amasintha mtengo wake kukhala makwacha, amene mu Novembala 2023 anatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pamenepo chidwi chake pa luso la Ajeremani chimazirala mofulumira. Akatero amapeza wamalonda amene katundu wake alibe dzina, alibe pepala la chitsimikizo, koma ali ndi chithunzi cha galimoto itaima pansonga ya phiri limene palibe akudziwa kuti lili kuti. Mawu oti "chotchipa" ndi oti "chokwanitsika" amasakanikirana m'mutu mwake, spacer imagulidwa, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mwiniwake amakhala akuyang'ana madenga a timagalimoto ta anzake ali pampando wake.

Apa ndi pamene nzeru za makolo zimapezeka kuti zinalondola ngakhale nkhani ya zitsulo. Kukweza masipuling'i kumakweza thupi, chassis ndi mpando wa woyendetsa, koma mtanda wa kumbuyo umakhala pa matayala, motero diff imatsala pamene inali kale, osasuntha ngakhale pang'ono. Mwala umene unkaigunda chaka chatha udzaigundanso chaka chino, ndipo pa msewu umene mathirakitala ndi malole akumba mizere iwiri yakuya n'kusiya mtumbira pakati, galimoto yokwezedwa imakhala pa mtumbirawo matayala akuzungulira m'malere, chimodzimodzi yosakwezedwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mwiniwake amatsika kuchokera patali asanaponde matope, ndipo anyamata a m'mudzi obwera kudzakankha amatchula mtengo molingana ndi msinkhu wa galimotoyo. Chimene chimakweza diff ndi tayala lalikulu basi, ndipo nalonso limapereka theka la zimene limalonjeza, pakuti tayala lokulirapo ndi mamilimita 50 limakweza mtanda ndi mamilimita 25 okha, popeza theka linalo lili pamwamba pa mtandawo kumene silithandiza kanthu.

Matayala aakuluwo amabwera ndi milandu yawoyawo. Amakhula m'mphepete mwa thupi la galimoto chiwongolero chikakhotetsedwa mpaka kumapeto, amalemetsa injini ndi mabuleki, ndipo amawonjezera ludzu la galimoto m'dziko limene anthu adziwa kugona pamzere wa mafuta. Amanamizanso wotchi yoonetsa liwiro, chifukwa tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, choncho wotchiyo imaonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni. Zotsatira zake zimaoneka pa msewu wa M1, pamene munthu woona mtima amalumbira pamaso pa wapolisi wa pamsewu kuti amayenda pang'onopang'ono, ndipo onse awiri amakhala akunena zimene aona ndi maso awo.

Kutsogolo nkhani ndi ya mfundo zotchedwa CV joint, zimene zimalola kuti mphamvu ifike ku tayala ngakhale likukhota kapena kukwera ndi kutsika. Mfundozi zinapangidwa kuti zizigwira ntchito zitapendekeka pang'ono, ndiye galimoto ikakwezedwa mopitirira zimapendekeka kwambiri, timatumba ta labala tosunga girisi timang'ambika, fumbi limalowa, ndipo posakhalitsa pamamveka kaphokoso kogogoda nthawi iliyonse galimoto ikamakhota. Kaimidwe ka matayala kamasokonekeranso, kotero kuti popanda kukawongoletsa alignment, kumene ndi kulinganiza matayala kuti aime ndi kuloza moyenera, tayala latsopano limadyeka mbali imodzi ina ikadali ndi mano onse. N'chifukwa chake makampani odziwika amakonda kuima pa mamilimita 40 kapena 50, amene ndi pafupifupi mainchi 2, ndipo wofuna kupitirira apo amauzidwa kuti agulenso mikono yatsopano yogwira matayala ndi zina zambiri zimene chithunzi cha paphiri chija sichinatchule.

Palinso nkhani ya kugubuduzika, imene siseketsa kwenikweni. Chinthu chilichonse chikatalika, kulemera kwake kumakwera m'mwamba ndipo chimagwa mosavuta chikakhotetsedwa mwadzidzidzi. Mu 2016 magazini ya ku Sweden yotchedwa Teknikens Värld inayesa Hilux yatsopano, yosakwezedwa n'komwe, poizembetsa mofulumira ngati mmene woyendetsa angachitire nyama ikadumphira mumsewu, ndipo galimotoyo inanyamuka n'kuyenda pa matayala awiri. Kuno cholowa mumsewu mosayembekezeka chimakhala mbuzi, wakabaza kapena mwana wa sukulu, ndipo kumbuyo kwa galimoto kumakhala matumba a chimanga ataunjikidwa mpaka kupitirira denga, anthu atakhala pamwamba pake. Woyendetsa akakwera, malo osaoneka kutsogolo kwa boneti amakula, nyali zimalunjika m'maso mwa wobwera kutsogolo, ndipo woyenda pansi amene wavala bwino kupita ku tchalitchi amathiridwa madzi a m'zithaphwi ndi munthu amene sanazione n'komwe. Mame amene mwambi umanena amagwera anthu ena, ndipo kuiwala kwa wokwera kumalipiridwa ndi iwo.

Chilango chaching'ono chimapezeka kunyumba komwe. Agogo amene kale ankakwera okha tsopano amafuna mpando wopondera ndi adzukulu awiri, mayi wovala chitenje amaima pakhomo la galimoto n'kuyamba kuganiza ngati ulendowo ndi wofunikadi, ndipo thumba lililonse la feteleza la makilogalamu 50 liyenera kunyamulidwa mokwererapo, zimene aganyu sachedwa kuziika pa mtengo.

Izi sizikutanthauza kuti kukweza galimoto ndi uchitsiru nthawi zonse. Mlimi amene munda wake uli kutsidya la khwawa, kapena wogwira ntchito zaumoyo amene amafika m'midzi ya kumapiri m'nyengo ya dzinja, amapindula ndi mamilimita owerengeka amene amateteza bampala ndi mimba ya galimoto potsika ndi potuluka m'zigwembe. Munthu wotere amachita bwino kuyamba ndi kuwerengera katundu amene amanyamula masiku onse, chifukwa masipuling'i amagulitsidwa molingana ndi kulemera, ndipo olimba kwambiri amagwedeza impso galimoto ikakhala yopanda kanthu. Amafunsanso ngati shock ina ingapezeke ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg imodzi ikaphulika, amaika pa bajeti ndalama ya amakaniko ndi ya alignment, ndipo amadziwitsa a inshuwalansi zisanachitike ngozi, osati pambuyo pake.

Komabe ambiri mwa ofuna kukweza galimoto ali ndi galimoto imene inachita kutsika. Pickup ya mtundu umenewu inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, imene ndi matumba 20 a chimanga, koma ikasenzetsedwa matumba 35 nyengo iliyonse yokolola masipuling'i amawongoka, kumbuyo kumakhala pansi, ndipo mwiniwake amayamba kudandaula kuti a ku Japan amapanga galimoto zazifupi. Masipuling'i atsopano a muyezo wa kufakitale amabwezera msinkhu wotayikawo popanda kuvutitsa mfundo iliyonse, ndipo lift kit yotsika mtengo kuposa zonse ndi kutsitsa matumba 15 n'kuyenda maulendo awiri. Chovuta chake n'chakuti galimoto yokwezedwa mwa njira imeneyi siimitsa aliyense pamsika, ndipo ndi ochepa amene amalolera kuwononga ndalama pa chinthu chimene mnansi sangachione.